Amayi a pa Dedza: mafunso ndi mayankho pa za thanzi, ndalama ndi mipando

Mafunso awa ndi omwe amayi anzanga amandifunsa tikakumana pamjigo, pamaliro tikusenda mbatatesi, ku banki m'khonde, kapena tikudikira minibasi mumsewu wa M1. Ndakhalapo m'makomiti angapo pa Dedza pano, ndipo chimene chimandipweteka ndi ichi: mayi amene walawirira kukasesa pabwalo, waphikira msonkhano, wasunga ndalama za gulu, ndi yemweyo amene amakhala kumbuyo nthawi yomanga mfundo, ndi yemweyonso amene amafika kuchipatala matenda atakula. Ziwirizi ine ndimaziona ngati nthenda imodzi, n'chifukwa chake ndaziyankhira pamodzi.

Ndangosamukira kumene pa Dedza boma. Ndiyembekezere zotani?

Choyamba, kuzizira. Tauni yathu ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, m'tsinde mwa phiri la Dedza lomwe nsonga yake imapitirira mamita 2,000. Mu Juni ndi Julaye madzi a m'ndowa amaluma zala m'mawa, ndiye juzi ndi bulangete la pakaunjika gulirenitu mu Epulo mitengo isanakwere.

Chachiwiri, pano ndi tauni yomwe mudzi uli pakhonde pomwepo. Kalembera wa 2018 anapeza anthu opitirira 830,000 m'boma lonseli, koma a pa tauni penipeni ndi ongopitirira pang'ono 30,000. Amene wakugulitsani kabichi lero mukhala naye pamphakati mawa, ndipo mwina ndi mlamu wake wa eni nyumba yomwe mukuchita lendi. Sungani pakamwa miyezi yoyambayi. Pano pali Achewa, Angoni ndi Ayao, akhristu ndi asilamu, ndipo tonse timagula pamsika umodzi.

Zakudya sizisowa: mbatatesi za ku Bembeke, kabichi, nyemba, nsawawa, mapichesi pa nyengo yake, nsomba zokwera chitunda kuchokera kunyanja. Ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 85, ndipo chipata cholowera ku Mozambique chili pafupi. Koma ngati mukufuna kuti anthu akulandireni msanga, mukamva maliro m'dera lanu mangani chitenje, tengani kambale ka ufa, mupite ngakhale malemuwo simukuwadziwa. Khalani kumene kuli moto ndi mapoto. Kumeneko n'kumene amayi a pano amadziwira ngati ndinu munthu wokhala naye.

Usiku kukazizira timalowetsa mbaula kuchipinda. Pali vuto?

Lilipo, ndipo ndi lakupha. Makala akamayaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wosaoneka, wosanunkha, umene umalowa m'magazi n'kulanda malo a mpweya wabwino. Munthu ali maso amamva mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka. Munthu ali m'tulo samva kanthu, amangopitirira. Makanda ndi amayi oyembekezera ndiwo amayamba kugonja. Musanamizidwe ndi makala omwe akutidwa ndi phulusa ngati azima, akutulutsabe mpweyawo.

Otherani moto pakhonde, kapena pabalaza zenera lili lotsekula, ndipo musanagone mbaula ituluke panja. Mwana mumveke chipewa ndi masokosi, ndipo m'bulangete ikanimo botolo la madzi ofunda lokulunga m'chitenje. Mukapeza munthu wafooka m'chipinda momwe munali mbaula, tsekulani zitseko, mutulutseni panja, muthamangire naye kuchipatala. Musataye nthawi ndi kumumwetsa mkaka.

Sindikudwala. Ndikatani kuchipatala?

Funso ili ndi limene latiikitsa anzathu ambiri m'manda asanakalambe. Timapita kusikelo ndi mwana, timadikirira apongozi kuwodi, timakatengera abambo akunyumba mankhwala, koma kabuku kathu ka kuchipatala kanalembedwa komaliza tsiku lomwe tinachira mwana womaliza.

Pali matenda awiri omwe amadya munthu mwakachetechete. Oyamba ndi khansa ya khomo la chiberekero. Dziko lathu lili m'gulu la mayiko omwe khansayi imapha amayi ambiri padziko lonse, chikhalirecho imatenga zaka zambiri, nthawi zambiri khumi kapena kuposera, kuti ikule, ndipo zaka zonsezo ikhoza kupezeka n'kuthetsedwa. Kuyezetsa kwake ndi kwaulere m'zipatala za boma, makamaka kwa amayi a zaka 25 mpaka 49. Namwino amapaka viniga pakhomo la chiberekero n'kuyang'ana ngati pali malo amene asanduka oyera. Ndi nkhani ya mphindi zochepa. Akapeza zizindikiro zoyambirira, m'zipatala zambiri amathandiza tsiku lomwelo ndi kachipangizo kotenthetsa malowo. Chiberekero sachotsa, ndipo mayi amaberekabe. Ndikunena izi motsindika chifukwa mphekesera yakuti "akakupeza nayo amachotsa chiberekero" ndi yomwe imabweza amayi pageti. Ngati muli ndi kachilombo ka HIV, mwayi woti khansayi ikugwireni ndi wochuluka kangapo, choncho funsani za kuyezetsaku komwe mumalandira ma ARV ndipo muziyezetsa pafupipafupi monga akuuzireni. Mukaona magazi mutakhala malo amodzi ndi abambo, magazi pakati pa mwezi, magazi mutasiya kale kusamba, kapena chikazi chonunkha chosatha, musadikire tsiku la msika, pitani mawa lomwe.

Ena amati akuchita manyazi poti woyeza akhoza kukhala mwamuna. Muli ndi ufulu wopempha woyeza wamkazi, kapena kuti mayi wina akhalepo. Pitani awiriawiri. Gulu lina lomwe ndinalimo tinagwirizana kuti pa msonkhano umodzi pachaka, m'malo mokhala pamphasa, tonse tizipita limodzi kukayezetsa, ndipo amantha omwe ankapita chifukwa choopa kutsala okha.

Matenda achiwiri ndi BP. Siimva kuwawa. Ena amangodziwa tsiku lomwe agwa n'kufa ziwalo. Muyezo ukamapezeka pa 140/90 kapena kupitirira mobwerezabwereza, ndiye kuti yakwera. Akakupatsani mankhwala musasiye chifukwa mukupeza bwino, mukupeza bwino chifukwa cha mankhwalawo. Adyo ndi mandimu salowa m'malo mwake. Mayi woyembekezera akamamva mutu waukulu, akatupa nkhope ndi manja, kapena akamaona zinthu mwachimbuuzi, apite kuchipatala nthawi yomweyo, usiku kapena usana. Mukapita kukayezetsa BP, pemphaninso kuti akuoneni shuga, makamaka ngati mumamva ludzu losatha ndi kukodza pafupipafupi. Ndipo mabere anu muziwagwira kamodzi pamwezi mukatha kusamba. Chotupa chilichonse chachilendo chikaonedwe, ngakhale chisakupweteka.

Akuti katemera wa atsikana wa kusukulu uja amaletsa kubereka. N'zoona?

Si zoona. Katemerayu amateteza ku kachilombo ka HPV komwe kamayambitsa khansa ya khomo la chiberekero. Anayamba kuperekedwa m'dziko lonse mu 2019 kwa atsikana a zaka 9, ndipo amaperekedwa ali aang'ono chifukwa amagwira bwino ntchito mwana asanayambe zogonana. Mwana wanga wamkazi ndinamuperekeza ndekha.

Tili ndi mbatatesi ndi ndiwo zamasamba zambiri. Nanga bwanji amayi ndi ana akuperewerabe magazi ndi kupinimbira?

Chifukwa zabwino zonse zimakwera lole kupita ku Lilongwe ndi ku Blantyre, pakhomo n'kutsala nsima ndi kabichi wothira mchere. Alangizi a zaumoyo amatiphunzitsa magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Mbatatesi ili m'gulu limodzi ndi nsima. Mukadya nsima ya ndiwo za mbatatesi, mwadya gulu limodzi kawiri.

Sizilira ndalama zambiri. Nsinjiro mu nkhwani, soya m'phala, usipa wa pambale yaing'ono, dzira limodzi, bonongwe ndi chisoso zomwe zikumera zokha kuseri kwa nyumba. Musanagulitse nyemba, patulani ndowa ya pakhomo muisokere m'thumba lake. Tiyi musamwere pa chakudya chenicheni chifukwa amalepheretsa thupi kutenga michere yowonjezera magazi. Chipatso ngati gwafa kapena lalanje ndicho chimathandiza. Mchere wa munthu wamkulu tsiku lonse usapitirire kasupuni kamodzi kakang'ono, kuwerengera ndi wa m'ndiwo womwe.

Ndiye pali mwambo wathu uja woti mayi amagawa, ntchafu kwa abambo, zotsala kwa ana, iye n'kupsontha msuzi wa mumphika. Mayi woyamwitsa, mayi woyembekezera ndi mtsikana amene wayamba kusamba ndiwo amafuna zowonjezera magazi kuposa aliyense m'nyumbamo. Mbale yanu muziyamba mwaipatula musanatulutse chakudya kukhitchini.

Ndimalima, ndimatunga madzi. Masewera olimbitsa thupi ndi a chiyaninso?

Ngati mukugwira khasu ndi kusenza ndowa, thupi lanu likugwira ntchito kale. Inu chomwe mukusowa ndi kupuma ndi kusamala msana. Funsoli ndi la ife amene timakhala pa benchi ya msika, m'shopu kapena muofesi kuyambira m'mawa mpaka madzulo, n'kukwera kabaza pobwerera. Kuyenda mwandawala mphindi 30 masiku asanu pa sabata n'kokwanira. Ntchemberembaye ndi chimtali nazonso ndi masewera.

Tsiku lina Loweruka konzani ulendo wa gulu wokwera phiri la Dedza, kapena wopita ku mapanga a Chongoni. Malowa analowa m'kaundula wa UNESCO wa malo ofunika pa dziko lonse mu 2006, ndipo ali ndi malo 127 a zojambula zakale pamiyala, monga ku Chentcherere, Namzeze ndi Mphunzi. Zina mwa zojambula za utoto woyera n'zokhudza chinamwali cha atsikana, ndiye kuti ndi sukulu ya agogo athu aakazi. Alendo amachoka kutali kudzaona, ife tili pompano osapitako. Tengani ana anu aakazi.

Sindigona, mtima umangothamanga, chilichonse chikundinyansa. Anzanga akuti ndilimbe mtima.

Mwalimba kale mokwanira. Ngati papita milungu iwiri kapena kuposera muli wokhumudwa, osafuna kudya, osagona, osasangalala ndi zomwe munkakonda, amenewo ndi matenda a maganizo, ndipo ali ndi chithandizo ngati malungo. Amagwiranso amayi amene angochira kumene, mpaka mayi kumalira yekha kapena kuipidwa ndi khanda lake. Si ufiti, si kuchepa kwa chikhulupiriro. Pitani kuchipatala cha boma mukanene momwe mukumvera ndipo mufunse woona za matenda a maganizo; ku Lilongwe kulinso a St John of God omwe ntchito yawo ndi imeneyi. Pempherani, inde, koma kuchipatala mupitenso.

Ngati maganizo ofuna kudzipha akubwera, uzani munthu lero lomwe, ndipo mankhwala a mbewu ndi a m'munda achoke m'nyumba akasungidwe kwina. Kwa inu amene mnzanu wakuuzani zotere: musamudzudzule, musakazifalitse kumjigo, musamusiye yekha. Mperekezeni.

Banki m'khonde yathu inagwa ndipo tinadana. Tingayambenso bwanji?

Gulu loyamba lomwe ndinalowa linagwa mu Novembala, kutatsala milungu itatu kuti tigawane. M'buku ndalama zinalimo, m'bokosi munalibe. Chaka chimenecho feteleza sindinagule, ndipo panali amayi awiri omwe tinatha miyezi osapatsana moni. Titakhala pansi n'kufufuza, tinapeza kuti panalibe wakuba mmodzi. Tinaligwetsa tonse, pang'onopang'ono, pophwanya malamulo athu omwe chifukwa cha chisoni ndi manyazi.

Zimene tinaphunzira ndi izi. Gulu lisakule kupitirira anthu 25, ndipo akhale odziwana, okhala dera limodzi. Bokosi likhale ndi maloko atatu, makiyi kwa anthu atatu osiyana, ndipo wosunga bokosi asakhale ndi kiyi. Ndalama ziwerengedwe mokweza pamaso pa onse poyamba ndi potseka msonkhano, aliyense amve chiwerengerocho ndi makutu ake. Munthu asakongole zopitirira katatu masheya ake, kaya ndi mkazi wa amfumu kaya ndi mayi busa. Thumba la zadzidzidzi likhale padera, lisakongozedwe. Ngati mukusunga pa Airtel Money kapena Mpamba, nambala yachinsinsi isadziwike ndi munthu mmodzi yekha.

Koma zimene zimapha magulu ambiri ndi ziwiri. Choyamba ndi kukongolera munthu wakunja: abambo akunyumba, achimwene, kapena mnzanu wa kutchalitchi. Iye akathawa, ngongole ndi yanu. Chachiwiri ndi kukakamizana kukongola kuti chiwongoladzanja chichuluke pogawana. Tiyeni tiwerengere limodzi. Mukatenga K50,000 pa chiwongoladzanja cha K20 pa K100 iliyonse pamwezi, ndiye kuti mwezi uliwonse mukufunika K10,000 yapamwamba musanabweze n'komwe ngongoleyo. Kodi mandasi anu amapindula K10,000 pamwezi mutachotsa ufa, mafuta ndi nkhuni? Ngati ayi, mukatenga ku gulu lachiwiri kuti mubweze loyamba, kenako kwa akatapila kuti mubweze lachiwiri, mapeto ake ndi kulandidwa malata. Mayi amene ali m'mabanki anayi sakulemera, akungosamutsa ngongole. Tsitsani chiwongoladzanja, lolani wosafuna kukongola angosunga, ndipo nthawi yogawana muyiike pamene ndalamazo zikagwire ntchito, monga kugula feteleza ndi mbewu kapena kulipira fizi, osati kuti zithere pa Khirisimasi.

Mavenda amatigula mbatatesi motchipa. Tingatani?

Venda amapambana chifukwa amakupezani nokha pamunda, muli ndi ngongole, mbatatesi zitakumbidwa kale, ndipo thumba lake ndi lija losokerera pamwamba. Mukakhala amayi khumi, mutakumba tsiku limodzi, mutasankha zazikulu padera ndi zazing'ono padera, mutaimbira foni wachibale wa ku Lilongwe kapena ku Lizulu kufunsa mtengo wa tsikulo, nkhani imasintha. Gulani sikelo ya gulu. Musakumbe musanapangane mtengo. Gulu likalimba, alangizi a zaulimi ndi a zamalonda ku khonsolo akhoza kukuthandizani kulembetsa kopaletivu, ndipo mukatero mumatha kukambirana ndi masukulu ogonera komweko ndi malo odyera.

Komiti iliyonse amandisankha kukhala msungichuma. Bwanji osandisankha kukhala wapampando?

Chifukwa amakukhulupirirani ndi ndalama koma sanazolowere kumva mawu anu. Mukaona makomiti ambiri, wapampando ndi bambo, mlembi ndi bambo, msungichuma ndi mayi "poti amayi saba", ndipo amayi ena awiri alipo kuti chiwerengero chikwane ndi kuti alendo akabwera pakhale wophika. Msungichuma amasenza udindo, koma wogamula kuti ndalamazo zipite kuti ndi wina.

Dziwani kaye njira yomwe chitukuko chimayendera. Kuchokera pa ndondomeko ya mphamvu ku anthu ndi lamulo la maboma ang'ono la 1998, zofuna za anthu zimayambira ku VDC, komiti ya chitukuko ya m'dera la gulupu. Kuchoka apo zimapita ku ADC, ya m'dera la mfumu yaikulu, kenako ku khonsolo. Mjigo, mlatho, chipinda chophunziriramo, nyumba yodikirira amayi oyembekezera, zonsezi zimayenera kulembedwa kumeneko. Mukaona kuti ndalama za CDF, thumba la chitukuko cha m'dera la phungu, zakonza bwalo la mpira pomwe atsikana pasukulu alibe chimbudzi chosinthiramo akakhala kumwezi, dziwani kuti tsiku losankha zofunika panalibe mayi amene anayankhula, kapena anayankhula koma mlembi sanalembe.

Ndiye tsiku la chisankho musadikire kuti wina akuganizireni. Panganani ndi amayi anzanu usiku wake: uyu atchule dzina lanu pa mpando wa wapampando, uyu avomereze, enawo akweze manja. Abambo amachita zimenezi nthawi zonse, ndipo palibe choipa. Akakutchulani pa usungichuma, nenani mwaulemu kuti, "Zikomo, koma ulendo uno ndikupempha mpando wa wapampando." Ngati mwalephera, pemphani ulembi. Mlembi ndi amene amasunga zomwe zinagwirizanidwa, ndipo pakatha miyezi itatu mawu a m'buku ndi omwe amapambana.

Pamsonkhano khalani kutsogolo. Bwerani ndi mfundo imodzi ndi chiwerengero chake: mabanja angati akumwa pamjigo umodzi, atsikana angati asiya sukulu teremu ino. Wina akakudulani pakamwa, nenani kuti, "Wapampando, ndinali ndisanamalize." Mfundo yanu ikabwerezedwa ndi bambo n'kuomberedwa m'manja, mayi mnzanu anene kuti, "Imeneyo ndi ija anena mayi aja, ilembedwe choncho." Ndipo limbanani nayo nkhani ya nthawi. Msonkhano woyitanidwa 9 koloko n'kuyamba 12 koloko umathamangitsa amayi, chifukwa ana akuweruka ndipo moto sunakolezedwe. Lamulo loona kuti pasakhale kusiyana pakati pa amuna ndi akazi la 2013 limati polemba anthu ntchito m'boma, mbali imodzi isachepere 40 kapena kupitirira 60 pa 100 aliwonse. Muyezo womwewo tiziufunsa m'makomiti athu, osati pa chiwerengero chokha komanso pa mipando.

Anthu amati ng'ombe yaikazi sikoka ngolo. Kodi mwambo wathu umalola mayi kutsogolera?

Amene amanena zimenezi sakuudziwa mwambo wa kwawo. Kwa Achewa, mudzi ndi wa mbumba. Ufumu umatsata bere la amayi, ndipo mfumu ikamwalira, ntchembere zikuluzikulu za m'banjamo ndizo zimakhala ndi mawu pa amene alowe. Anamkungwi ndiwo amalanga anamwali, ndipo amalanganso mfumu yatsopano. Kalekale mvula ikavuta, anthu ankapita kwa Makewana ku Msinja, mayi. Kwa Angoni a kwa Maseko ku Ntcheu, Inkosi Gomani IV atamwalira mu 2009, amene anagwirizira mpando mpaka Gomani V atavekedwa mu 2012 anali mayi, a Rosemary Malinki.

Koma ife a ku Dedza sitifunika kupita kutali. Malemu Inkosi Theresa Kachindamoto anagwira ntchito ya ulembi pa koleji ina ku Zomba kwa zaka 27, mpaka mu 2003 pamene anaitanidwa kwawo ku Mtakataka kudzakhala mfumu. Atafika anapeza ana a zaka 12 ali ndi makanda kumsana. Anasonkhanitsa mafumu awo okwana 50 n'kuwasainitsa pangano lothetsa maukwati a ana. Mafumu omwe anapitiriza kuloleza maukwatiwo anawaimitsa, ndipo anawabwezera pampando pokhapokha atathetsa maukwatiwo. Pofika 2016 anali atathetsa maukwati opitirira 850, ana n'kubwerera kusukulu, ndipo chiwerengerocho chinapitirira kukwera kufikira pamene anatisiya mu 2025. Anaopsezedwa, ananyozedwa, sanabwerere m'mbuyo.

Chimene ndimafuna amayi atolepo pa mfumu imeneyi si kutchuka kwake kunja. Ndi kagwiridwe kake ka ntchito. Sanangokalipa pabwalo, anafuna pangano lolembedwa ndi losainidwa, anaika chilango, ndipo anali ndi amayi ndi abambo m'midzi omwe ankamutsina khutu mwana akachotsedwa pasukulu. Zitatu zimenezi komiti iliyonse ya m'mudzi ikhoza kuchita. Tisaiwalenso kuti mayi woyamba kukhala mkulu wa makhoti onse m'dziko muno, a Anastasia Msosa mu 2013, ndi mwana wa ku Dedza konkuno.

Abambo akunyumba sakufuna kuti ndizipita kumisonkhano.

Ena amaopa mphekesera, ena amaopa kuti mudzawapeputsa, ena amangodandaula za nsima. Auzeni nthawi yopita ndi yobwera, aitaneni tsiku lina adzaone zomwe mumachita, ndipo ngati n'kofunika, ankhoswe kapena atsibweni akuthandizeni kukambirana. Ambiri amafewa akaona phindu lake pakhomo.

Koma tisiyanitse kukambirana ndi nkhanza. Kumenyedwa, kutsekeredwa m'nyumba, kulandidwa ndalama za geni yanu, kukakamizidwa kugonana, imeneyo si nkhani ya "banja ndi kupirira". Lamulo loteteza ku nkhanza za m'banja la 2006 limalola khoti kupereka chiletso choteteza inu ndi ana. Kupolisi kuli ofesi ya Victim Support Unit, ndipo mukhoza kuimba 5600 kwaulere. Amene wagwiriridwa afike kuchipatala asanathe maola 72 kuti alandire mankhwala oteteza ku HIV ndi ku mimba, ndipo ngati n'kotheka apite asanasambe. Kabuku ka kuchipatala, chiphaso cha unzika ndi kandalama pang'ono muzisunge kwa munthu amene mumamukhulupirira.

Mtsikana wa zaka 15 wa nyumba yoyandikana nafe akumukwatitsa. Ndilowerere?

Lowererani. Lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kutseka mpata woti makolo azivomereza ukwati wa mwana wochepera pamenepo. Palibe chilolezo cha kholo, cha mfumu kapena cha mpingo chimene chingauyeretse.

Yambani ndi mayi ake, mwachinsinsi, osati mowachititsa manyazi. Kawirikawiri pansi pake pali njala, fizi kapena mimba. Zikakanika, uzani gulu la amayi a pasukulu, aphunzitsi aakulu, amfumu, woona za chitetezo cha ana wa m'dera lanu, kapena imbani 116. Ngati ali ndi mimba, ayambe sikelo msanga chifukwa thupi lake silinakhwime ndipo ayenera kuchirira kuchipatala. Mimba si ukwati. Kuyambira 1993 boma limalola mtsikana kubwerera kusukulu akachira. Pamene timalephera ife ndi pambuyo pake: tamuchotsa kubanja, tajambulitsa, tabalalika. Ndani amulerere mwana ali m'kalasi? Yunifolomu, makope ndi sopo zichokera kuti? Ngati gulu lanu lilibe yankho pa zimenezi, mtsikanayo abwerera kwa mwamuna uja isanathe teremu.

Amuna anga amwalira ndipo achibale awo akufuna nyumba ndi munda.

Kulanda chuma cha masiye ndi mlandu pansi pa lamulo la 2011 la chuma cha anthu omwalira, ndipo lamuloli limaika patsogolo mkazi ndi ana. Musasaine pepala lililonse pamaliro, musapereke makiyi, makadi a kubanki kapena mapepala a nyumba. Lembani katundu yense pamaso pa mboni, kenako pitani ku ofesi ya DC kapena ku Legal Aid Bureau. Amene ali pachitengwa ndiwo amavutika kwambiri, chifukwa munda uli kwa eni ake. Koma ndaonanso amayi a pachikamwini akulandidwa dimba ndi alongo awo omwe mbatatesi zitayamba kugulidwa bwino. Lamulo la malo a makolo la 2016 limati mwa anthu 6 osankhidwa m'komiti ya malo ya kwa gulupu, osachepera atatu akhale amayi. Mipando imeneyo isamapite kwa ongokhala chete. Ndipo inu amene amuna anu ali moyo, kambiranani zolemba wilo pano. Kulemba wilo sikuitana imfa.

Ndikufuna kudzaima pa ukhansala. Ndiyambe liti?

Panopa. Dziko lathu linakhala opanda makhansala kuyambira 2005 mpaka 2014, ndipo mpaka lero ambiri sadziwa ntchito yawo, choncho muyambe ndi kukakhala nawo pa misonkhano ya ADC ndi kufunsa momwe khonsolo imagwiritsira ntchito ndalama za msika. Anthu akudziweni ndi chinthu chimodzi chimene munachimenyera mpaka chinatheka. Pamene amayi ambiri amagwera ndi pa chisankho cha chipulula m'chipani, ndiye dziwani msanga amene amavota kumeneko. Adzakupemphani ndalama, zitenje ndi mabokosi a maliro. Lamulo la zipani la 2018 limaletsa kugawa zinthu pokopa mavoti, ndipo mayi amene wagulitsa munda kuti agawe sopo amaluza ziwiri. Adzakutchulaninso hule. Uzani banja lanu zimenezi zisanachitike, kuti tsiku lomwe azidzazimva asadzadzidzimuke.

Ndili ku Chigwirizano, ku komiti ya sukulu, ya mjigo, ku VDC ndi ku banki m'khonde. Ndatopa. Ndisiye?

Siyani zitatu. Mudzi ukapeza mayi mmodzi wosakana, umamusenzetsa zonse mpaka BP imugwetse, kenako n'kumadandaula kuti amayi otsogolera ndi ochepa. Sankhani komiti imodzi yomwe ili ndi mphamvu yogamula, ndi ina yomwe imakupatsani chimwemwe, kaya ndi Chigwirizano, Amayi Achikatolika, Dorika kapena Dawa. Zinazo perekani, koma musangozitaya. Yang'anani mtsikana amene anamaliza Fomu 4 ali pakhomo, kapena mtengwa wachichepere amene amakhala chete kumbuyo koma amabwera msonkhano uliwonse.

Ine ulembi wa komiti ya mjigo ndinausiya m'manja mwa mtsikana wa zaka 22. Msonkhano woyamba ndinakhala pambali pake ndikumulozera polemba. Wachiwiri ndinakhala kumbuyo, ndipo pamene bambo wina anamudula pakamwa ndinaluma mlomo kuti ndione. Anayankha yekha, mawu akunjenjemera, koma anamaliza mfundo yake. Wachitatu sindinapite. Madzulo ake anabwera kunyumba ndi buku kudzandionetsa kuti mabanja 14 omwe anali asanapereke ndalama yokonzera mjigo atsala atatu, ndipo anandifunsa ngati n'kololedwa kuti agogo awiri osowa owathandiza achotsedwe pa mndandanda wa opereka. Ndinamuuza kuti akaitule nkhaniyo pa msonkhano wotsatira, ndipo aonetsetse kuti yalembedwa.